Mmene mungakonzere chiyambi cha filimu kuti khutu litsogolere maso

Munthu amene wakhala pansi kuti aonere filimu, kaya ndi pa TV ya m'nyumba ku Matero kapena pa foni ali m'basi yopita ku Chelstone, sachedwa kugamula kuti nkhani imene wayamba kuonerayo ndi ya mtundu wanji, ndipo kawirikawiri chimene chimamuuza ndi zimene akumva. Chithunzi cha mtsikana amene akuyenda yekha madzulo m'kanjira ka pakati pa nyumba za ku Kalingalinga sichinena zambiri pachokha. Mukachiikira gitala wothamanga wa kalindula, woonera amakonzekera kuseka. Mukachiikira kanyimbo kodekha ka piyano, amayembekezera kuti kutsogoloko kuli mnyamata amene akudikira. Koma mukachotsa nyimbo zonse n'kusiya kulira kwa masilipasi ake okha, kenaka n'kulowetsa mapazi ena olemera amene sakugwirizana ndi ake, woonerayo amayamba kumuopera mwana wa eni. Malangizo otsatirawa ndi a amene akupanga mafilimu aafupi kapena masewero a pa TV muno mu Lusaka ndi ndalama zochepa, chifukwa saundi yokonzedwa bwino imafuna nzeru ndi kuleza mtima koposa ndalama.

Yambani ndi kugamula mtundu wa filimu yanu musanaganize za nyimbo ina iliyonse. Zimenezi zimaoneka ngati zachidziwikire, komabe mafilimu ambiri a ophunzira amatsegulidwa ndi nyimbo imene dayirekita amangoikonda, yosagwirizana ndi nkhani, moti woonera amakonzekera chikondi pamene kukubwera maliro. Wokamba nthano akati "Padangokhala!" ndipo ana n'kuyankha kuti "Tili tonse!", ndiye kuti agwirizana kale kuti Kalulu akayamba kulankhula palibe amene adabwe. Mphindi ziwiri zoyambirira za filimu zimagwira ntchito yomweyo, ndipo saundi ndiyo imaitana. Choncho lembani chiganizo chimodzi chonena mmene mukufuna kuti woonera akhale pofika mphindi yachiwiri: akhale akuopa, akhale ataseka kale kamodzi, kapena akhale akumvera chisoni munthu amene sanamudziwebe dzina. Chomveka chilichonse chimene sichikuthandiza chiganizocho muyenera kuchichotsa, ngakhale chikhale chokoma chotani.

Kenaka tengani masamba awiri kapena atatu oyambirira a script yanu (nkhani ya filimu yolembedwa papepala), poti tsamba limodzi limakhala pafupifupi mphindi imodzi ya filimu, ndipo muwalembenso pa pepala logawidwa pakati, kumanzere zooneka, kumanja zomveka. Kumanjako muonetse chimene chikumveka chithunzi choyamba chisanabwere, phokoso limene likuuza woonera malo ndi nthawi, munthu amene ayambe kulankhula ndi chilankhulo chimene alankhule, komanso pamene nyimbo ilowere ndi pamene ilekere. Ngati mbali ya kumanja yangolembedwa kuti "nyimbo" kuyambira pamwamba mpaka pansi, ntchito sinayambike.

Zimene makutu a oonera anazolowera kale

Anthu a mu Lusaka aonera mafilimu a ku Hollywood, a ku Nigeria, a ku India ndi a ku South Africa, kuphatikizapo masewero a kwathu konkuno a pa ZNBC, Muvi TV ndi Zambezi Magic, kotero makutu awo anaphunzira kale malamulo amene palibe anawalembera. Filimu yoopsa imakonda mawu otsika, okoka nthawi yaitali, ndi bata limene limasweka mwadzidzidzi. Yoseketsa imayamba ndi kugunda kopepuka ndipo anthu amayamba kulankhula msanga. Yachikondi imabweretsa kanyimbo kosavuta kukumbukira kamene kadzabwerenso awiriwo akadzakumana, pomwe ya apolisi ndi zigawenga imalowa pakati pa chipwirikiti, injini ikulira, wina akupuma wefuwefu. Sewero la pa TV la tsiku ndi tsiku lili ndi lamulo lakelake: limatsegula ndi nyimbo ya mawu yomwe imabwerezedwa gawo lililonse, chifukwa ntchito yake ndi kuitana amene ali kukhitchini kapena panja kuti abwere akhale pansi. Filimu yaifupi imene idzaonedwe pa foni sikufunika kutengera zimenezo, chifukwa woonerayo wakhala kale pansi, ndipo mukamudikiritsa mphindi yathunthu ndi nyimbo ndi mayina a anthu, chala chake chapita kale pa kanema wina.

Chitsanzo chothandiza pa nkhani ya kusunga lonjezo ndi filimu ya Jaws ya mu 1975, imene anatsogolera Steven Spielberg. Imayamba kamera ikuyenda pansi pa nyanja, pamene nyimbo ya John Williams ikubwereza manotsi awiri okha otsika, oyandikana, amene amanka nathamanga. Shaki siioneka, koma woonera waphunzitsidwa kale kuti manotsi awiriwo ndiwo shakiyo. Pambuyo pake m'filimumo, anyamata awiri akamaopseza anthu ndi chipsepse chabodza, nyimbo ija siimveka, chifukwa shaki yeniyeni palibe. Phunziro kwa inu ndi lakuti phokoso limene mwalipatsa tanthauzo pachiyambi musalimwaze paliponse. Ngati kulira kwa geti lachitsulo ndiko chizindikiro cha kubwera kwa bambo wankhanza, geti limenelo lisalire chimodzimodzi pamene akulowa ndi mwana wochokera kusukulu, pokhapokha ngati mukufuna kunamiza woonera mwadala.

Amene alibe ndalama zolipira woimba aphunzire kwa Sergio Leone. Filimu yake ya Once Upon a Time in the West ya mu 1968 inali ndi nyimbo za Ennio Morricone, koma kwa mphindi zoposa khumi zoyambirira mulibe nyimbo. Amuna atatu akudikira sitima pa siteshoni ya kuchipululu, ndipo zimene zikumveka ndi chitsulo cha mpope woyendera mphepo chimene chikulira mobwerezabwereza, madontho a madzi akugwera pa chipewa cha mmodzi, ntchentche imene ikuvutitsa mnzake pankhope, ndi makina otumizira matelegalamu amene akugogoda mpaka wina atawazula nthambo. Phokoso lililonse lili ndi malo ake, lina likaleka lina limamveka bwino, ndipo sitima ikamafika kulira kwake kumadzidzimutsa chifukwa khutu linali litazolowera tinthu tating'onoting'ono. Palibe chimene Leone anagwiritsa ntchito pamenepo chimene simungachipeze ku Kanyama kapena ku Chawama. Chovuta ndi kulimba mtima kosiya nyimbo kunja, pakuti opanga mafilimu ambiri amaopa bata ngati kuti woonera athawa, pomwe kawirikawiri bata lokonzedwa bwino ndilo limamukhazika pansi.

Malamulo a mtundu wa filimu amathanso kuswedwa, koma ndi munthu amene akuwadziwa. Rungano Nyoni, amene anabadwira muno mu Lusaka n'kukulira ku Wales, anatsegula filimu yake ya I Am Not a Witch ya mu 2017 ndi alendo odzaona malo akufika pa msasa wa amayi amene akuwanena kuti ndi mfiti, ndipo nyimbo imene ikulira ndi ya mavayolini a Vivaldi, woimba wa ku Venice amene anamwalira mu 1741. Woonera amene anamva mutu wa filimuyo n'kuyembekezera ng'oma ndi kadzidzi amadabwa, ndipo kudabwako kumamuuza kuti filimuyi sikumuopseza ndi ufiti koma ikunyodola anthu amene asandutsa amayiwo chionetsero. Filimuyi inapata mphoto ya mafilimu ya ku Britain ya BAFTA mu 2018. Mukafuna kuchita zofanana, dzifunseni ngati kusagwirizana kwa nyimbo ndi chithunzi kukunena kanthu pa nkhani yanu, chifukwa kukakhala kongofuna kuoneka anzeru, woonera amangoganiza kuti mwalakwitsa fayilo.

Saundi yochokera m'nkhani momwemo

Pali zomveka zimene anthu a m'filimu nawonso akuzimva, monga wailesi ya m'kantemba kapena kwaya ya patchalitchi chapafupi, ndipo pali zimene akumva woonera yekha, monga nyimbo yoikidwa pamwamba ndi mawu a wofotokoza nkhani. Pachiyambi cha filimu, zoyambazo zimakhala ndi mphamvu yoposa mmene ambiri amaganizira. Orson Welles anatsegula Touch of Evil ya mu 1958 ndi chithunzi chimodzi chosadula cha mphindi zitatu ndi pang'ono, chotsatira galimoto imene aiikira bomba m'buti. Kampani itaitulutsa, inaika mayina ndi nyimbo ya Henry Mancini pamwamba pa chithunzicho. Welles anali atalemba kalata ya masamba 58 yofotokoza zimene ankafuna, ndipo mu 1998 Walter Murch anakonzanso filimuyo potsatira kalatayo, n'kuchotsa mayina ndi nyimboyo, kuti pamveke nyimbo zochokera m'mabala ndi pa wailesi ya galimoto, zikumakwera ndi kutsika pamene kamera ikudutsa. Khutu limatsatira wailesi ya galimotoyo, ndipo galimoto ikayandikira anthu mtima umagunda.

Tiyerekeze kuti mukupanga filimu ya mayi wamasiye amene achibale a mwamuna wake akufuna kumulanda nyumba ku Mtendere. Njira yosavuta ndi kuonetsa mayiyo akulira n'kuikapo mavayolini otsitsidwa pa intaneti. Njira ina ndi iyi. Sikirini ikadali yakuda, pamveke tsache likusesa pabwalo la fumbi. Pambuyo pake pamveke madzi a pampopi akugwera m'chidebe chapulasitiki, phokoso lake likusintha pamene chidebe chikudzaza. Chapatali, kudzera m'khoma, pamveke amayi akuimba nyimbo ya maliro motsitsa, mawu atasasa ngati a anthu amene achezera usiku wonse. Chithunzi chikabwera, tione mipando ya m'nyumba itatulutsidwa panja, amuna atakhala mozungulira zitsa za moto umene ukuzima, ndipo mmodzi wa iwo akuseweretsa makiyi m'dzanja. Palibe amene walankhula, koma woonera wa kuno wadziwa kale kuti ndi m'mawa, ndi kukomboni, pagwa zovuta, ndiponso kuti makiyiwo abweretsa mlandu. Kulira kwa makiyiwo mukhoza kukugwiritsanso ntchito mpaka kumapeto kwa filimu.

Mzinda uno uli ndi zomveka zambiri zouza malo ndi nyengo popanda kulemba pa sikirini: angwang'wazi akuitanira mabasi pa Kulima Tower, mawilibala ndi amalonda a ku Soweto Market, mvula ya mu Januwale ikumenya malata, majenereta a m'mashopu magetsi akapita, kapena bata la misewu ya ku Kabulonga limene limangosokonezedwa ndi galu kuseri kwa mpanda. Musaziunjike zonse pamodzi. Sankhani phokoso limodzi lotsogolera ndi awiri olichirikiza chapansipansi.

Pa nkhani ya ng'oma pafunika kusamala. Chizolowezi choti ufiti ukangotchulidwa m'filimu ng'oma zilire n'chaulesi, ndipo chimasokoneza oonera amene amadziwa kusiyanitsa kaimbidwe. Munthu wa ku Katete amene amapita ku mwambo wa Kulamba ku Mkaika amadziwa kuti ng'oma za Gule Wamkulu, gule amene UNESCO inamuzindikira mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu a ku Malawi, Mozambique ndi Zambia, si za chinamwali ndipo si zokongoletsera chithunzi cha mfiti. Mukafuna ng'oma pachiyambi cha filimu yanu, funsani akuluakulu odziwa kuti kaimbidwe kameneko n'ka pa zochitika zotani, ndipo mupemphe chilolezo musanajambule.

Mawu oyamba kulankhulidwa nawonso ndi saundi. Chinyanja cha m'tauni chosakaniza ndi Chibemba ndi Chingerezi chimauza woonera za munthu wina, ndipo Chichewa cha kumudzi kwa Kawaza kapena kwa Mbang'ombe chimauza za munthu winanso. Chiganizo choyamba chikhale chachifupi, chomveka bwino, ndipo chisaphimbidwe ndi nyimbo ya mawu, chifukwa khutu silitha kutsatira anthu awiri olankhula nthawi imodzi.

Pa tsiku lojambula

Maikolofoni ya pa kamera ndi yongothandiza polumikiza mawu ndi chithunzi, osati yodalira. Gwiritsani ntchito boom, maikolofoni ya pa ndodo yaitali, muiyandikize pamwamba pa wolankhula mpaka pamalire a chithunzi, kapena mumuveke kamaikolofoni ka pa malaya. Jambulani pa 48 kHz, umene ndi muyezo wa saundi ya kanema, ndi 24-bit ngati makina anu akulola, ndipo wogwira saundi avale mahedifoni nthawi yonse, chifukwa khutu la munthu limaiwala phokoso la firiji koma maikolofoni siiwala. Zimitsani firiji ndi fani, jenereta muiike kutali ndi kuseri kwa khoma, ndipo nthambo za maikolofoni zisagone pamodzi ndi za magetsi, popeza magetsi a kuno a 50 Hz amalowetsa kang'ung'udza kovuta kuchotsa. Mukamajambula panja m'mwezi wa Ogasiti, pamene mphepo imavuta mu Lusaka, maikolofoni ikhale ndi chophimba chaubweya.

Mukamaliza chochitika chilichonse, uzani anthu onse akhale chete pamalo pomwepo kwa mphindi imodzi kuti mujambule room tone, mpweya wa chipindacho wopanda mawu. Ndi umene mudzatsekere mipata polumikiza, ndipo ndi umene umapanga bata la m'filimu, pakuti bata limenelo si kuzimitsa saundi. Mukazimitsiratu, woonera amagwedeza foni kuganiza kuti yafa. Pambuyo pake bwererani tsiku lina, opanda kamera, mukajambule paokha tsache, chidebe, geti ndi makiyi aja. Zina mukhoza kuzipangira m'chipinda chotchingidwa ndi mabulangeti mukuonera chithunzi, njira imene imatchedwa foley potengera dzina la Jack Foley wa ku kampani ya mafilimu ya Universal. Thireyi ya mchenga ndi masilipasi akale zimakwanira kupanga mapazi a mtsikana woyenda m'kanjira.

Polumikiza ndi posakaniza

Lolani saundi ifike chithunzi chisanafike. Apocalypse Now ya mu 1979, ya Francis Ford Coppola, imayamba ndi kulira kwa mapiko a helikopita sikirini ikadali yakuda, ndipo patsogolo pake kulirako kumasakanikirana ndi fani ya kudenga m'chipinda cha hotelo ku Saigon, moti woonera amazindikira kuti nkhondo imene akumva ili m'mutu mwa msilikali amene wagona pabedi. Njira yolowetsa phokoso la chochitika chotsatira chithunzi chake chisanaoneke imatchedwa J-cut, ndipo mukhoza kuichita m'mapulogalamu olumikizira kanema monga DaVinci Resolve kapena Premiere Pro pongokokera mzere wa saundi kumanzere masekondi awiri kapena atatu. Ngakhale nthawi imene chizindikiro cha kampani yanu chikuoneka ndi mbali ya filimu, kotero musaiwononge ndi kanyimbo kaphokoso kamene kakutsutsana ndi zimene zikubwera.

Posakaniza, yambani ndi mawu a olankhula, kenaka phokoso la malo, ndipo nyimbo ibwere pomalizira. Mukayamba ndi nyimbo mudzakweza china chilichonse kuti chipikisane nayo. Siyaninso mpata wokwerera: chiyambi chikakhala chaphokoso kuyambira sekondi yoyamba, chitseko chomenyetsedwa pa mphindi yachitatu sichidzadzidzimutsa aliyense. Muyezo wa ku Europe wa EBU R128 umaika mapulogalamu a pa TV pa -23 LUFS (LUFS ndi muyeso wa kukwera kwa saundi), ndipo YouTube imatsitsa yokha makanema aphokoso kwambiri kufika chapafupi ndi -14 LUFS, choncho kukweza mopitirira sikupindula kanthu. Ngati filimu ikupita ku siteshoni ya TV, funsani muyezo umene iwo amafuna musanamalize.

Kumbukirani kumene filimuyo idzaonedwere. Sipika ya foni siitulutsa mawu otsika kwambiri, kotero kugunda kwakuya kumene kumanjenjemeretsa holo ya kanema kumasowa kotheratu m'dzanja la munthu amene ali pa Intercity kudikira basi ya ku Chipata. Ngati mantha a chiyambi chanu adalira mawu otsika okha, onjezani pamwamba pake chinthu chomveka pa foni, monga kukwecha kwa chitsulo kapena kupuma kwa munthu. Mverani ntchito yanu pa mahedifoni abwino, pa TV wamba ndi pa foni yotsika mtengo, ndipo paliponse mawu oyamba amveke popanda kubwereza.

Nyimbo ya munthu wina imafuna chilolezo cholembedwa. Lamulo la Copyright and Performance Rights Act la mu 1994 limateteza opeka ndi oimba, ndipo bungwe la ZAMCOPS ndilo limayang'anira za ufulu wa eni nyimbo m'dziko muno. Pa nyimbo iliyonse pali ufulu wa amene anaipeka ndi ufulu wa amene anaijambula, moti ngakhale nyimbo za Vivaldi zilibenso mwini, chimbale cha gulu limene linaziimba posachedwa chili ndi eni ake. Nyimbo ya woimba wotchuka imene ikungomveka pa wailesi ya m'minibasi m'chithunzi chanu ikhoza kuchititsa kuti YouTube itseke kanemayo kapena ndalama zake zipite kwa ena, ndipo zikondwerero za mafilimu zimafuna kuti mutsimikize kuti zilolezo muli nazo. N'chapafupi kugwirizana ndi woimba gitala, kalimba kapena silimba wa konkuno, kumulipira, n'kulemberana pangano lonena kumene nyimboyo idzagwiritsidwe ntchito.

Musanatulutse filimu, itanani anthu angapo amene sanawerenge script, makamaka osakhala anzanu a m'gulu lojambula, muzimitse chithunzi n'kuwamvetsera mphindi ziwiri zoyambirira ndi makutu okha. Afunseni kuti nkhaniyi ikuchitikira kuti, ndi nthawi yanji, ndi filimu ya mtundu wanji, ndipo akuganiza kuti chichitike n'chiyani. Musawathandize kuyankha ndipo musadziteteze. Ngati ambiri anena kuti ndi yoseketsa pamene inu mwapanga yoopsa, bwererani ku pepala logawidwa pakati lija, muchotse zomveka chimodzichimodzi, kuyambira ndi nyimbo, mpaka mutapeza chimene chikuwasocheretsa, kenaka muyesenso pa anthu ena atsopano.